ZA MAKEDZANA: Pepala la Wiese ndi Mikondo ya Nsingo

Mwezi wa February ukayandikira, Angoni okhala m'Chunga, Matero ndi Kabwata amayamba kufunsana za ulendo wa ku Mtenguleni kukaona N'cwala. Koma anyamata ambiri obadwira muno mu Lusaka sadziwa cimene cinaletsa mwambo umenewu kucokera mu 1898 kufikira 1980.

Mlandu wonse unayamba ndi pepala. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany amene anakhala nthawi yaitali pakati pa Angoni, anati Nkosi Mpezeni anampatsa cilolezo ca kufuna miyala ya mtengo wapatali m'dziko lace. Pepalalo linafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo azungu anayamba kulowa ali ndi cikhulupiriro cakuti pansi pa midzi ya Angoni pali golide.

Mpezeni anali atakalamba, ndipo anali kuzengereza. Mwana wace Nsingo ndi magulu a anyamata sanafune kudikira; anaona kuti mlendo wayamba kuyesa munda wa mwini mudzi. Ca kumapeto kwa 1897 anaopseza malo a kampani ku Luangeni. Mu January 1898 asilikari anafika kucokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Angoni anadza ndi zishango ndi mikondo monga anacitira makolo ao masiku a Zwangendaba, koma zipolopolo zinawagwetsa asanafike pafupi pakuti angalase munthu. Midzi inatenthedwa, ndipo m'masiku owerengeka nkhondo inatha.

Zotere zinaonekanso kutsidya kwa nyanja. Pa 27 March 1814, ankhondo a Andrew Jackson anazinga anthu a mtundu wa Creek pa Horseshoe Bend, m'mbali mwa mtsinje wa Tallapoosa ku America, napha amuna pafupifupi 800. Kumeneko pepala linatsatira mfuti: pangano la Fort Jackson linalanda dziko lalikulu, ngakhale la Acreek amene anathandiza Jackson. Kwa Mpezeni pepala ndilo linatsogola.

Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikari, naomberedwa mu February 1898. Mpezeni anadzipereka, anasungidwa ku Fort Manning, nabwerera kudzamwalira mu 1900. Golide wocuruka uja sanaoneke. Cimene azungu anatenga ndico ng'ombe za Angoni zikwi zambiri, ndi nthaka imene anamangapo Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata.