Chitseko cha agogo si nkhuni

Pa Etsy, msika wa pa intaneti umene amisiri amagulitsirapo ntchito za manja awo, pali anthu amene amadya za kanthu kamodzi: chogwirira kamera chosema ndi mtengo. Kanthu kake sikaposa chikhatho. Amakamanga kunsi kwa kamera ndi kabawuti, ndipo mbali ina imakwera kudzanja lamanja kuti zala zipeze pokola, poti makamera ngati Fujifilm X100 ndi opyapyala, amaterera m'manja mukatuluka thukuta. Nzeruyi si yalero. Pentax 6x7, kamera ya mu 1969, mpaka pano anthu amaikumbukira ndi chogwirira chake chamtengo. Chimene chandikopa ine ndi choti amisiri ena sagula matabwa atsopano. Amasema kuchokera ku mitengo ya nyumba zakale zogumulidwa, ndipo ukalamba wa thabwalo ndiwo umakweza mtengo wa katunduyo.

Tsono kwathu kuno, pakati pa Mitundu ndi Nathenje, thabwa lotere timaphikira nyemba. Banja likamanga nyumba yamalata ndi kuika chitseko chachitsulo, chitseko chakale cha mlombwa chimayamba chatchinga khola la nkhumba, kenako chimathera pamoto. Mtondo ukang'ambika, nkhuni. Goli lothyoka, matabwa a ngolo yotha ntchito, bedi la agogo, njira yake ndi yomweyo. Sindikuwanena amayi amene amachita izi. Nkhuni zavuta, ndipo mwana wanjala sadya mbiri yakale. Ndikunena ife ophunzira, amene timadutsa pa zinthu zimenezi popita ku Bunda kukalemba mapulani a bizinesi okamba za mapulogalamu a pa foni.

Thabwa lakale lili ndi ubwino umene ndalama singagule msanga, ndiwo kuuma. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ambiri, ndipo pamene ukuuma umafota, kupindika, mwinanso kung'aluka. Ndi chifukwa chake tebulo logula pamsika limayamba kugwedera pakatha miyezi ingapo. Chitseko chimene chaona dzinja ndi chilimwe zaka 50 chinamaliza kale zonsezo. Pa kanthu kamene kayenera kukhala thethethe ndi chitsulo cha kamera, kufota pang'ono pokha ndiye kuti kawonongeka. Mlombwa uli ndi mwayi wina: suvuta kusema, sufota kwambiri, ndipo chiswe sichiukonda. Vuto la thabwa lakale ndi misomali yobisika, imene imabunthitsa sowo nthawi imodzi. Funsani kalipentala aliyense, akuuzani mokwiya.

Luso losema lilipo, pamenepa palibe mtsutso. Munthu amene amasema mpini wa khasu ndi kasemasema, nauyesa m'dzanja, napalanso mpaka utakhala bwino, akudziwa za dzanja la munthu kuposa ambiri a ife amene tili ndi mapepala. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, amisiri a kumudzi anaonetsa kuti ziboliboli zawo zingakalowe m'matchalitchi akunja. Chimene chikusowa ndi muyeso. Mpini wa khasu umakhululuka, kamera ayi. Bowo la bawuti liyenera kugwera pamalo pake penipeni, kachitseko ka batire kazitseguka, ndipo mtundu uliwonse wa kamera uli ndi thupi lakelake. Apa ndi pamene wophunzira za uinjiniya angakhale ndi phindu: ayese kamera, ajambule chitsanzo pakatoni kapena pakompyuta, apeze mabawuti oyenera m'tauni. Enafe tijambule zithunzi ndi kulemba mbiri ya thabwalo. Koma dzina lolembedwa pa katunduyo likhale la amene wasema, ndipo gawo lake la ndalama lisakhale la ganyu. Tazolowera kuona wa digiri akutchedwa mwini kampani pamene mwini luso akulandira za sopo.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: ndi angati ku Malawi kuno ali ndi kamera yotere? Ochepa, nzoona. Kutumiza katundu kunja nkodula, kulandira ndalama zochokera kunja nako ndi mutu wina. Palibe amene angamange nyumba ndi zogwirira kamera zokha. Koma ojambula maukwati ndi zinkhoswe achuluka mu Lilongwe, ndipo amagwira kamera kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha. Chitseko chimodzi chingatulutse zogwirira zambiri, zotsalira n'kukhala zigwiriro za mipeni ndi zoimikira foni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msika woyamba ndi wa pafupiwu.

Nkhawa yanga yeniyeni ili kwina. Tsiku limene mawu oti "thabwa lakale" adzayamba kubweretsa ndalama, padzapezeka ochenjera. Kudetsa thabwa latsopano ndi utsi ndi oyilo wakuda, n'kuliboola ndi msomali wadzimbiri, si ntchito ya tsiku lathunthu. Ndipo mtengo watsopanowo ukachokera kuti? Ku Dzalanyama, nkhalango imene inakhala yotetezedwa mu 1922, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Aliyense amene wayendapo pamsewu wa Bunda m'mawa amadziwa njinga zosenza makala zimene zimandandalika kulowera kutauni. Zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Mitengo yolimbayi yasowa m'chigawo chonse cha Africa kuno: mu 2019 dziko la Malawi lenilenili ndi limene linapempha kuti malonda a mukula aziyang'aniridwa pansi pa pangano la CITES, ndipo mu 2022 ku Panama mlombwa ndi mbawa nazo zinalowa pamndandandawo. Bizinesi yonena kuti ikupulumutsa matabwa akale koma ikudyetsa nkhwangwa ku Dzalanyama ingakhale yoipa kuposa ya makala, chifukwa wa makala sanamiza munthu.

Pali ngozi inanso, yogula mwachinyengo. Mnyamata wa m'tauni kufika pamudzi, kupatsa agogo ndalama ya shuga, n'kunyamula mpando umene ana awo akadafuna kuusunga. Kapena kuyamba kuzula zitseko za matchalitchi akale. Pafupi pathu pomwepa pali Nkhoma, mishoni ya mu 1896, ndipo zinthu za m'nyumba zoterozo malo ake ndi pomwe zili. Za kumanda ndi kudambwe sinditchula n'komwe, mwana wa kuno amadziwa yekha.

Choncho ine ndingalole bizinesiyi pa mfundo imodzi, yoti thabwa lililonse likhale ndi umboni. Lijambulidwe lisanazulidwe, likadali chitseko kapena goli. Mwini wake auzidwe chimene likukapangidwa ndi ndalama imene chikagulitsidwe, ndipo a mfumu kapena wachibale wamkulu akhalepo pogulana. Kachogwirira kalikonse kazipita ndi kakhadi konena mudzi, chinthu chimene thabwalo linali, ndi dzina la mmisiri. Foni zojambulira tili nazo m'matumba, ndipo tchuthi chikubwerachi ambirife tikhala kumudzi komwe zitsekozo zatsamira makola.