Lamulo la chamba likugwira wosauka yekha

Akonzi,

Amene analemba m'nyuzipepala ino kuti kuletsa chamba kumateteza achinyamata sanapondeko ku Ntengo-Wambalame. Kuno ku Mozambique lamulo la 1997 limaletsa suruma (ndilo dzina la chamba kuno), koma mnyamata amaipezabe, yokulunga m'pepala la kope, mosavuta kuposa feteleza wa kachewere. Womangidwa ndi mlimi wa mizere iwiri kuseri kwa chimanga, pamene wonyamula matumba amangodutsa.

Wolembayo akutinso Malawi inalakwa kumasula chamba. Inamasulira ndani? Lamulo la 2020 linangololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo laisensi yolimira cha mankhwala anaiika pa madola 10,000 a ku America. Mlimi wa ku Ntcheu, kutsidya kwa malirewa, ndalama zimenezo azitenga kuti?

Wowerenga,
Tsangano