Mai wobereka kumene akamangolira, si ulesi kapena ziwanda

M'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika muno m'Chipata, mwana akabadwa anthu amabwera ndi sopo, matewera ndi citenje. Onse amafuna kunyamula khanda, koma ocepa okha ndiwo amafunsa mai wake mmene akumvera mumtima. Apa ndi pamene pamabisala matenda amene madokotala amacha postnatal depression, ndiko kuti kubvutika maganizo kwa mai atabereka.

Bungwe la WHO limati pa azimai 100 obereka kumene pa dziko lonse, pafupifupi 13 amadwala matenda a maganizo, makamaka amenewa. M'maiko osauka ciwerengeroci cimafika pafupifupi 20 pa 100.

Kulira ndi kukwiya msanga m'masiku oyamba n'kofala, ndipo kumatha yekha milungu iwiri isanakwane. Bvuto limakhalapo ngati papita milungu iwiri mai akali wacisoni, sapeza tulo ngakhale mwana atagona, safuna cakudya, sakondwera ndi khanda, kapena akudziyesa wacabecabe. Azimai ambiri sanena kuti ali ndi cisoni. Amangodandaula za mutu, mtima kuthamanga ndi thupi kuphwanya.

Mtundu uliwonse uli ndi kafotokozedwe kake. Atumbuka a ku Lundazi angaganizire vimbuza, Abemba ngulu, ena ufiti kapena ziwanda. Ashona a ku Zimbabwe amati ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira. M'komboni, mmene Mnsenga amakwatiwa ndi Mbemba, acibale a mbali ziwiri angathe mwezi wonse akukangana za kwa sing'anga ndi kwa mneneri, mai akufookerafookera.

Koma pa cinthu cimodzi mitundu imagwirizana: mai wobereka kumene sasiyidwa yekha. Acewa ali ndi cikuta, pamene mai amakhala m'nyumba mpaka mcombo wa mwana utagwa, nchembere zikumuphikira ndi kumutungira madzi. Ku China mai amapumula mwezi wathunthu, ndipo m'madera ambiri a ku India ndi Mexico ndi masiku 40.

M'tauni mwambo wabwinowu ukutha. Ambuya ali kumudzi ku Katete kapena ku Petauke, nyumba ndi ya lendi ya cipinda cimodzi, bambo amalawirira kuganyu. Lamulo la nchito la 2019 limapereka chuti ca milungu 14 kwa mai wolembedwa nchito ndi masiku 5 kwa bambo, koma wogulitsa tomato pamsika alibe womupatsa chuti. Kutopa, umphawi, nkhanza za m'banja ndi kusowa wolankhula naye zimaonjezera ngozi ya matendawa.

Ena amati awa ndi matenda a azungu, popeza makolo ankabereka ana khumi osadandaula. Amaiwala kuti makolowo anali ndi mudzi wonse wowathandiza, ndiponso amene ankadwala ankangochedwa aulesi kapena olodzedwa. Kumuuza mai kuti angolimba mtima sikumuciritsa. Mwana nayenso amabvutika, cifukwa mai wodwala cotere amalephera kuyamwitsa bwino ndi kusewera ndi khanda lake.

Matendawa amacira, ndipo ambiri amacirira kunyumba kwao osapita ku Chainama. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki kumvetsera obvutika maganizo ndi kuwathandiza kupeza njira. Ku Pakistan, azimai a zaumoyo oyendera m'makomo anathandiza azimai ambiri mwa kungokambirana nao mwadongosolo. Aliponso mankhwala amene dokotala angapereke ngakhale kwa mai woyamwitsa.

Motero makiliniki a m'makomboni ayenera kusintha kacitidwe. Pa tsiku la sikelo, manesi asamangoyeza mwana ndi kulemba pa khadi, koma afunsenso mai. Mafunso 10 ochedwa Edinburgh, amene anakonzedwa mu 1987, amatenga mphindi zocepa cabe. Bambo adzuke usiku kutonthoza khanda kuti mkazi wake agoneko. Apongozi, alangizi ndi azimai a kuchalichi abwezeretse cikuta m'njira ya m'tauni: kuphika, kucapa, kutunga madzi ndi kumvetsera popanda kuweruza. Mapemphero apitirire, koma asatsekereze njira ya kucipatala.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira. Mai mmodzi kapena awiri pa 1,000 amasokonezeka mutu atabereka, amamva mau kapena kuona zinthu zimene ena sakuona. Woteroyo, kapena amene akunena zodzipha kapena zobvulaza mwana, asasiyidwe yekha ndi khanda. Apite naye tsiku lomwelo ku Chipata Central Hospital kapena ku cipatala ciliconse capafupi.