Ana a Akazembe Akufunsana “Kwanu N’kuti?” Nanga Ife a M’malire?

Owerenga athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Milange ndi Mandimba, nkhani ya lero ikuyambira kutali ndi minda yathu ya chimanga ndi kachewere, koma mukaitsatira muona kuti ikuthera pakhomo panu. Ikukhudza mtundu wina wa zisudzo umene ana a m’sukulu za anthu ochokera m’mayiko osiyanasiyana amaphunzira ndi kuchita.

Sukulu zimenezi zilipo ndithu kuno kwathu. Ku Maputo kuli American International School of Mozambique, ku Lilongwe kuli Bishop Mackenzie, ku Blantyre kuli Saint Andrew’s. M’menemo mumaphunzira ana a akazembe, ana a akuluakulu a mabungwe othandiza anthu, ana a eni makampani, ndiponso ana a eni dziko amene makolo awo ali ndi thumba lolemera. Malipiro ake a chaka chimodzi mlimi wa ku Domué sangawapeze ngakhale atagulitsa nkhokwe za zaka zingapo. Mwana wa kumeneko amatha kubadwira ku Nairobi, n’kuyambira sukulu ku Dhaka, n’kudzamalizira ku Maputo, pamene pasipoti yake ndi ya dziko limene sanakhalemo ngakhale dzinja limodzi lathunthu. Mayi wina wa ku America wofufuza za kakhalidwe ka anthu, Ruth Hill Useem, atakhala pakati pa mabanja a Chimereka ku India m’zaka za m’ma 1950, anatcha ana otere ana a chikhalidwe chachitatu: si a kwa makolo awo kwenikweni, si a dziko limene akukulira. Mukamufunsa mwana wotere kuti kwawo n’kuti, amayamba wakanda kaye m’mutu.

Sewero lake limapangidwa motere. Ana amatenga foni kapena makina ojambulira mawu, n’kupita kukafunsa anzawo, aphunzitsi ndi makolo za kwawo. Akabwerako amalemba zonse monga mmene munthuyo analankhulira, osasiya pamene anachita chibwibwi, pamene anaseka, pamene anakhala chete kufunafuna mawu. Kenaka amaimirira pamaso pa anthu n’kunena mawu omwewo. Lamulo lake ndi lakuti saloledwa kuwonjezera kapena kukometsera. Ntchito yawo ndi kusankha zoti zilowe ndi kuziika m’dongosolo, basi. Pa Chingerezi amati verbatim theatre, ife tingoti sewero la mawu enieni.

Ana a sukuluwa sanayambitse ndi iwo. Mu 1991 ku Crown Heights, mumzinda wa New York, kunabuka chipolowe pakati pa anthu akuda ndi Ayuda. Mayi wina wa zisudzo, Anna Deavere Smith, anayenda mbali zonse ziwiri kumva anthu, ndipo mu 1992 anaonetsa sewero lotchedwa Fires in the Mirror, iye yekha akulankhula mawu a anthu oposa 20, mmodzimmodzi. Wina ndi Alecky Blythe wa ku Britain, amene ochita sewero ake amavala tizipangizo tomvera m’makutu, akumva mawu a mwini wake ndi kuwabwereza nthawi yomweyo, mpaka chifuwa chake. Mayi ameneyu anapita ku Georgia kukamva anthu amene anathawa nkhondo ya 2008 ya pakati pa dzikolo ndi Russia, n’kuikidwa m’timanyumba tofanana pa malo otchedwa Tserovani. Sewero lake linaonetsedwa ku Edinburgh mu 2010, ndipo mutu wake unali funso lakuti ngati iwowo akuoneka ngati othawa nkhondo. Amene munaimapo pa mzere wa ufa ndi nandolo mu msasa mulidziwa funso limeneli.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu museka. Mudzati mwana woyenda pa ndege, wogona pa matiresi, akudandaula chiyani za kwawo? Pamenepa pali choonadi, ndipo sindikufuna kuchiphimba. Kusamuka ndi katundu m’makontena, nyumba ina ikukudikira, n’kosiyana kutalitali ndi kuthawa usiku mphika uli pamutu, mwana kumbuyo, mbuzi zitatsala m’khola. Aliyense wofananitsa ziwirizi akunyoza akufa athu. Komabe mwana wa kazembe naye sanasankhe kusamuka, anangonyamulidwa, ndipo zaka zitatu zilizonse amatsanzikana ndi anzake amene mwina sadzawaonanso. Tisaiwalenso kuti si sukulu zonse zotere zinayamba chifukwa cha chuma. Waterford Kamhlaba, pafupi ndi Mbabane ku Eswatini, inatsegulidwa mu 1963 kuti ana akuda ndi oyera aphunzire m’kalasi limodzi pamene tsankho ku South Africa linkaletsa zimenezo, ndipo ana aakazi a Nelson Mandela anaphunzira kumeneko.

Chimene ndingawauze ana a sukulu zimenezi, mawuwa atawafika, ndi chakuti asamangofunsana okhaokha. Pa geti pawo pali mlonda, kukhitchini kuli ophika, pabwalo pali wotchetcha udzu, ndipo ambiri mwa amenewa anasiya midzi ngati yathu ino. Iwowa ndiwo angawauze tanthauzo la kutumiza ndalama kumudzi kumene sunapondeko zaka zisanu. Koma apa pafunika kusamala. Mlonda sangakane pamene mwana wa bwana wamuikira foni kukamwa. Ayankha chifukwa choopa ntchito, kenaka mawu ake akaombedwera m’manja mu holo imene iye saloledwa kukhalamo pampando. Ngati sewerolo silinamupatse mpata weniweni wokana, ndi mpata womva mawu ake asanaonetsedwe, ndiye kuti anawo amukolola ngati munda wa eni.

Tsopano tibwere kwathu, pakuti funso lakuti kwanu n’kuti palibe amene alidziwa kuposa munthu wa m’malire. Malire athuwa anagwirizana Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa Mchewa kapena Mngoni aliyense. Pa Lizulu msewu ndiwo malire: mayi akagula tomato tsidya lina n’kuoloka phula kukagula mchere, wayenda mayiko awiri. Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu amaloza phiri la Domwe, kuno ku Angónia, ponena za makolo awo. Achewa a mayiko atatu amakumana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu a Moçambique oposa 1,000,000 anali ku Malawi, ena m’misasa ngati Mankhokwe ku Nsanje, ena m’midzi ya abale awo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1995, anthu pafupifupi 1,700,000 anali atabwerera kuchokera m’mayiko oyandikana nafe. Ndipo sizinathere pomwepo, pakuti mu 2016 anthu zikwizikwi a m’chigawo cha Tete anathawiranso ku Kapise m’boma la Mwanza, ena n’kusamutsidwira ku Luwani.

Obwerera aja anapeza chiyani? Ena anapeza munda wawo ukulimidwa ndi wina. Ena anapeza njira ya kumtsinje ili ndi mabomba okwirira. Ambiri anasiya manda a ana ndi a makolo tsidya lina, ndipo mpaka lero akafuna kukasesa pamandapo amaoloka malire. Ana amene anabadwira kothawirako anakula ena akuphunzira Chipwitikizi m’sukulu za m’misasa, ena Chingerezi m’sukulu za Amalawi, ndipo atafika kuno ena ankatchedwa Amalawi, pamene uko ankatchedwa othawa. Mwana wobadwira ku Mankhokwe mu 1988 lero ndi bambo kapena mayi wopitirira zaka 35. Agogo amene anamuberekera kumbuyo pobwerera akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamaikidwa, nkhani yake imalowa naye m’manda. M’mabuku a sukulu muli masiku a mapangano ndi mayina a atsogoleri. Mulibe mayi amene anakwirira mphika wake pansi pa mtengo wa mango, n’kudzaufukula patapita zaka zisanu ndi ziwiri.

Maganizo anga ndi akuti sukulu zathu za sekondale, kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Furancungo ndi Milange, zitengere njira imeneyi. Siifuna holo kapena magetsi amitundumitundu. Ifuna foni imodzi, kope, cholembera ndi mphunzitsi woleza mtima. Zisudzo si zachilendo kwa ife. Dziko lino lili ndi magulu odziwika ngati Mutumbela Gogo, limene linayamba ku Maputo mu 1986, ndipo m’midzi taona masewero ambirimbiri a kolera, a Edzi, a mabomba okwirira, a chisankho. Masewero amenewo anathandiza, sindikana. Koma onse amabwera uthenga utaphikidwa kale ku ofesi ya bungwe, ana n’kungoloweza. Sewero la mawu enieni limayenda chobwerera: mwana amayamba wakhala pansi pa mphasa kumvetsera agogo, osadziwa chimene atamve. Kwa mwana wa masiku ano, amene maso ake sachoka pa foni, kukhala ola lathunthu akumvetsera munthu wamkulu ndi phunziro kale palokha.

Koma pano pali moto, ndipo ndisakubisireni. Dziko lathu silinachite ngati South Africa, imene kuyambira 1996 inaika bwalo loti anthu aulule poyera zimene zinachitika. Ife tinasankha lamulo la chikhululuko la 1992, ndipo m’midzi anthu anasankha kusambitsa obwera kunkhondo ndi mankhwala, kupemphera, ndi kutseka pakamwa. Pali amene amati kukhala chete kumeneko ndiko kwatisunga, ndipo sindingawatsutse mopepuka, chifukwa amene anawotcha nkhokwe ndi amene anawotcheredwa lero amatunga pa mjigo umodzi, ana awo anakwatirana. Mwana wa sukulu akaima pabwalo n’kutchula amene analoza njira kwa asilikali, mudzi ungagawanike usiku umodzi. Choncho funso la anawo likhale la kwawo, osati la amene anapha ndani. Nkhani ya mlandu ili ndi malo ake ndi anthu ake, si ya ana a kalasi la khumi. Ndipo sewerolo lisachitike nyengo ya kampeni, pasaoneke nsalu ya chipani chilichonse, chifukwa andale sachedwa kusandutsa misozi ya agogo kukhala mavoti.

Kusintha dzina kokha sikokwanira. Ku London munthu angabisale m’chikhamu, koma pamudzi aliyense amadziwa mmene agogo aujeni amatsokomolera ndi mwambi umene amakonda. Njira ya Alecky Blythe yotsanzira mpaka chifuwa ingaulule munthu pa mawu atatu oyamba. Mwina chanzeru n’chakuti sukulu zisinthane: ana a ku Domué achite mawu ojambulidwa ku Tsangano, a ku Tsangano achite a ku Domué. Mwini mawu ayambe wawamva yekha, achotse chimene sakufuna, ndipo akati ayi, ikhale ayi, ngakhale nkhani yake ikhale yokoma motani. Amfumu adziwitsidwe mwaulemu ana asanayambe kuyenda m’makomo, koma asakhale osankha zoti zinenedwe.

Palinso vuto la kuseka. Ife kutsanzira munthu tinazolowera kukuona ngati nthabwala, ndipo ngakhale pabwalo la Gule Wamkulu zilombo zina zimatuluka kudzaseketsa anthu potengera mayendedwe a mlendo kapena a chidakwa. Mnyamata akangowerama n’kunjenjemeretsa mawu ngati nkhalamba, anzake agwa nacho chiseko, ndipo mayi amene anapereka nkhani yake achoka ali wamanyazi. Mphunzitsi aletse ndodo ndi ndevu za thonje. Mwanayo aime ndi yunifolomu yake, anene mawuwo bwinobwino, anthu amva okha kuti akulankhula ndi munthu wamkulu.

Za chilankhulo ndinene mwachidule. Mawu anenedwe m’Chinyanja chimene mwini wake analankhula, ndi Chipwitikizi chake chosakaniza, ndi Chingerezi chake chotola ku msasa. Chigawo cha Tete ndicho chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa kuphunzitsa ana m’chilankhulo chawo pakati pa 1993 ndi 1997, kuno m’Chinyanja, ku Gaza m’Chichangana, boma lisanakhazikitse maphunziro a zilankhulo ziwiri mu 2003. Ndiye pasapezeke mphunzitsi wokonza galamala ya agogo kapena wowamasulira m’Chipwitikizi cha m’buku kuti alendo a ku boma amve. Alendowo apezeredwe womasulira.

Nthawi yabwino yoyendera m’makomo ndi pambuyo pa kukolola, mwezi wa Juni ndi Julaye, pamene akuluakulu amakhala pakhonde akutonola chimanga ndipo pakamwa pamamasuka. Mwana apite ndi mnzake mmodzi, agwade, apereke moni, afotokoze chimene wabwerera, ndipo manja ake athandize kutonolako. Zojambulazo zisungidwe pawiri, kusukulu ndi kubanja la mwini mawu. Mafunso asachuluke. Agogo, munanyamula chiyani tsiku lothawa? Ndani anakupatsani malo ogona ndi kamunda tsidya lija, ndipo mumamvanabe? Mutabwerera munazindikira malo anu ndi chiyani? Mukufuna mudzagone mbali iti ya malire? Funso lomalizali lisafunsidwe pa ulendo woyamba, lidikire ulendo wachitatu, agogo atayamba kumutchula mwanayo dzina.