PAKHOMO PATHU: Katundu Wosaoneka wa Mlendo

Munthu akamapita kudziko lachilendo sanyamula mtolo wa zovala wokha. Amanyamulanso chinenero chake, maseŵera ake ndi mapemphero ake. Ife a kuno ku Makwasa, pakati pa minda ya tiyi ya Thyolo, umboni wake tili nawo pakhomo pomwe.

Azungu amene anadzatsegula minda imeneyi sanasiye gofu kwawo: anamlambulira bwalo pa kalabu ya Thyolo. Askoti a ku Blantyre nawo ankasonkhana kukumbukira tsiku la Andreya Woyera, la 30 November, ngati kuti ali ku Edinburgh.

Alendo ochuluka koposa anali Alomwe, amene anathaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique nadzagwa m'thangata m'minda yomweyi. Iwo anadza ndi gule wa tchopa, ndipo anamsunga kufikira bungwe la UNESCO linamlemba mu 2014 pakati pa chuma cha miyambo ya anthu onse. Koma taonani, makolo: ng'oma zikulirabe ku Chonde chaka ndi chaka, pamene adzukulu ambiri samva Chilomwe. Gule anapulumuka chifukwa anali ndi bwalo lake. Chinenero chinafooka chifukwa chinasoŵa malo pamoto wamadzulo.

Abale athu amene anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia anatsata njira ina. Mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anaŵatsatira ku Salisbury, ndipo iwo anapitiriza kuimba, kuŵerenga Buku Lopatulika ndi kupemphera m'Chinyanja Sabata ndi Sabata. Mu 1965 mpingo wawo unakhala Sinodi payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare.

Tsono ana athu ambiri ali ku Joni, ndipo adzukulu akubadwira komweko. Chikondwerero cha kamodzi pachaka nchabwino, mpira wa Loŵeruka pakati pa Amalaŵi ngwabwinonso, koma sizikwanira. Chimene chimakhalitsa ndi chija chochitika tsiku ndi tsiku m'nyumba: moni waulemu, pemphero la pachakudya, nthano asanagone. Danieli ku Babulo sanayembekeze phwando. Ankagwada katatu patsiku.

Inu achinyamata amene mukukonzekera ulendo, funsani agogo anu zonse akali moyo. Inu makolo, phunzitsani mwana akali pakhomo, pakuti m'mera mpoyamba. Chimene simunamlongedzere lero sadzakachipeza m'sitolo za ku Johannesburg.