Kujambula Si Chibwana

Adzukulu anga, alipo makolo amene akamva kuti mwana akufuna digiri ya graphic design amangoti, "Ndalama zathu zithere zojambulajambula?" Ine ndikunenetsa kuti makolo oterowo akulakwa. Nanga maonekedwe a ndalama ya kwacha, chikuto cha buku la sukulu ndi malangizo a pa botolo la mankhwala amakonza ndani? Malangizowo akasanjidwa mosokonekera, mayi angamwetse mwana mlingo wolakwika. Chimenecho n'chibwana?

Ku Johannesburg, University of Johannesburg, yomwe idakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa digiri ya zaka 3 ya Communication Design. Mumzindamo mulinso makoleji omwe si aboma. Musanalipire kanthu, fufuzani ngati adalembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mukakafika kumeneko, musakangotengera za eni. Nolence Mwangwego adayamba kupanga zilembo zakezake mu 1979, ndipo makolo athu adajambula m'mapanga a ku Chongoni kompyuta isanalotedwe n'komwe. Zimenezo mukalowe nazo m'kalasi mopanda manyazi. Paja mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.