Ulendo wa pandege umayambira pakhomo

Ikanyamuka pa Chileka, ndege ya Malawi Airlines siyima pena paliponse mpaka ikatere pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo ola silikwana. Panthawiyo n'kuti wapabasi atangowoloka kumene Shire pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza zikanali kutsogolo. N'chifukwa chake ambiri amangoti ndege ndiye yachangu.

Koma ife a kuno kwa Kapichi tiziwerenga ulendo wonse. Pali kabaza wokutulutsani m'minda ya tiyi. Pali minibasi yosanyamuka isanadzaze, yomwe idzaimenso pa Bvumbwe. Mukatsika mu Limbe, pali mdipiti wa magalimoto mumsewu wa Chipembere musanalowere kwa Kameza. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mapiri a Thyolo, dalaivala wanzeru sathamanga. Ngati ndege yanu ndi yam'mawa, kagoneni kwa abale mu Blantyre. Pabwalo fikanipo likadalipo ola ndi theka, poti kumeneko kulibe zoti "tadikirani pang'ono, akondakitala."

Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba, ndipo dzina la patikiti lifanane ndi la pachiphasocho. Katundu amamuika pasikelo ngati dengu la masamba a tiyi ku esiteti, ndipo akapyola mlingo mumalipira. Mapaketi a tiyi wa ku Satemwa ndi mapeyala angapo a azakhali alowa bwino, koma mkoko wa nthochi utumizeni pabasi. Mpeni ndi sizasi zisapezeke m'chikwama cha m'manja.

Mukatera musayese mwafika. Kuchoka ku Lumbadzi kukalowa mumzinda ndi makilomita oposa 20, choncho konzeranitu wodzakutengani, kapena mumvane mtengo ndi wataxi musanakwere.

Kodi tsono ndege ndi ya yani? Ndi ya woitanidwa mwadzidzidzi ku mayeso a ntchito ku Capital Hill, wothamangira wodwala, ndi wokakwera ina yopita kunja. Wopanda changu, basi imukwanira.

Chondiwawa n'chakuti kampani ya Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatsekedwa, magawo 51 mwa 100 alionse ndi a boma lathu, 49 otsalawo a Ethiopian Airlines. Ndiye kuti mayi wotchola tiyi naye ndi mwini wake, chonsecho ndegeyo amangoiona kumwamba. Akuluakulu a kampaniyi atipatseko matikiti otsika mtengo kwa ogula nthawi ikadalipo, kuti mphunzitsi kapena namwino wa ku Thyolo azikwanitsa tsiku la mavuto.